Pasipoti m'thumba kapena m'chipinda? Kuyerekeza njira zonyamulira ziphaso potsika sitima yapamadzi

Nyengo ya sitima zoyendetsa alendo ikafika ku Durban, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, Amalawi okhala ku Joni nawonso sakutsalira. Wina wasunga ndalama chaka chonse kuti akapume masiku anayi kapena asanu pa sitima ya kampani ya MSC yopita ku Portuguese Island, ku Pomene kapena ku Maputo, m'dziko la Mozambique. Wina wakwerera ku Cape Town ulendo wa ku Walvis Bay, ku Namibia. Abale athu a ku Britain amakwerera ku Southampton, ena amauluka kukaipeza sitima ku Barcelona. Onsewa, m'mawa wa tsiku loyamba kutsika, amaima pakhomo la chipinda atagwira njakata: pasipotiyi ndipite nayo kumtunda, kapena ndiitsekere muno?

Tiyambe tamvana chimodzi. Pa ulendo wotuluka m'dziko, popanda pasipoti simukwera n'komwe sitimayo, ndipo makampani ambiri amafuna kuti ikhale yotsala ndi miyezi 6 ulendo ukatha. Nkhani yathu si imeneyo. Nkhani yathu ndi ya maola ochepa aja amene sitima yaima padoko, inu mwatsika kukaona malo.

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera anthu a ku America ndi ku Britain, amene akazembe awo ali paliponse. Ife zathu n'zina. Pasipoti ya Malawi ikatayika m'dziko la eni, munthu umasowa mtengo wogwira, ndipo kwa ambiri okhala ku South Africa, m'kabuku komweko ndi mmene mwamatidwa pemiti ya ntchito kapena ya sukulu. Choncho poyeza njirazi ndikuyang'ana ndi maso a munthu wonyamula pasipoti yathu.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba ndi lamulo la dziko limene mukutsikamo. Mayiko ena amalamula kuti mlendo aziyenda ndi chiphaso nthawi zonse ndi kuchionetsa wapolisi akafunsa. Mozambique ndi limodzi mwa mayiko otero, ndipo mumzinda wa Maputo apolisi amaimikadi alendo. Italy nayonso imafuna kuti mlendo wochokera kunja kwa European Union aonetse pasipoti kapena chiphaso china akafunsidwa. Madoko ena amafuna kuti aliyense akaonekere yekha kwa a imigireshoni, pasipoti ili m'manja, asanaponde kumtunda. Apa palibe chosankha, mumangotsatira. Oyendetsa sitima amalemba zimenezi m'kapepala ka ndondomeko ya tsiku kamene amasiya m'chipinda usiku, kapena pa pulogalamu yawo ya pafoni. Kawerengeni kapepalako, musamangokagwiritsa ntchito pokupizira mphepo.

Chachiwiri ndi kutalika kwa kumene mukupita. Sitima sidikira munthu amene wadziyendera yekha. Nthawi yoti aliyense akhale atabwerera imaikidwa, kawirikawiri mphindi 30 sitima isananyamuke, ndipo ikakwana makwerero amachotsedwa. Amene ali pamchenga akuiona sitima ndi maso sangatsalire mosavuta. Koma amene watsika pa Civitavecchia n'kukwera sitima yapamtunda kupita ku Rome, mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ali pachiswe chenicheni.

Chachitatu ndi madzi ndi akuba. Chachinayi, chimene kwa ine chimalemera kuposa zonse, ndi kuvuta kopeza pasipoti ina.

Njira iliyonse ndiiyeza pa mitu inayi: mtengo wake, kapezekedwe kake, kasamalidwe kake, ndi zoopsa zake.

Njira yoyamba: pasipoti yeniyeni pathupi

*Mtengo.* Kuinyamula n'kwaulere, koma mufunika kachikwama kovala mkati mwa malaya kapena kam'chiuno, ndipo ngati kuli madzi, kachikwama kosalowa madzi kotseka bwino. Zimenezi sizidula. Mtengo weniweni umaoneka ikatayika. Mu 2024 boma lidatsitsa mtengo wa pasipoti wamba kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, koma ameneyo ndi mtengo wa munthu amene ali kumudzi, wokhoza kukaima pamzere ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Mangochi. Wotayira pasipoti kunja amalipira chiphaso chongoyembekezera, ulendo wopita kumene kuli ofesi ya kazembe, malo ogona, ndi tikiti ya ndege imene sanaikonzekere. Ngati munali pemiti ya South Africa, pali ntchito inanso yopempha kuti isamutsidwire m'pasipoti yatsopano kudzera ku VFS, kampani yolandira mafomu a mapemiti m'malo mwa boma la South Africa, ndipo abwana anu sangasangalale kukudikirani.

*Kapezekedwe.* Muli nayo kale, pokhapokha ngati a m'sitima aitenga kuti aisunge. Ndiyo yokha imene aliyense amaivomereza: wapolisi, banki yosinthira ndalama, hotela, chipatala, kampani ya ndege, ndi wa pachipata cha malire. Ku Ulaya masitolo obweza msonkho kwa alendo amaifunsanso polemba fomu.

*Kasamalidwe.* Apa ndiye pali ntchito. Iyenera kukhala pathupi, mkati mwa zovala, osati m'thumba lakumbuyo la thalauza kapena m'chikwama cha pamsana. Simungaisiye pa thaulo n'kukasambira. Thukuta nalonso limaiwononga pang'onopang'ono, choncho ikulungeni m'kapulasitiki. Wina akaifunsa, onetsetsani kuti ndi wapolisi kapena wa imigireshoni weniweni, ndipo musaipereke ngati chikole kwa wobwereketsa njinga yamoto kapena bwato, ngakhale atakuuzani kuti onse amatero.

*Zoopsa.* Kubedwa ndi kunyowa. Pa La Rambla ku Barcelona ndi m'masitima a pansi pa nthaka ku Rome, opisa m'matumba amadziwa kuti tsiku limene sitima zazikulu zafika ndi tsiku lokolola. Iwo amafuna ndalama ndi foni, koma akatenga chikwama amatenga ndi zonse. Pasipoti yonyowa mpaka chithunzi kufufuma kapena masamba kumatana ikhoza kukanidwa pamalire ngati yowonongeka. Ndipo tonse tikukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti ku Malawi idaima kwa masabata angapo makina a kompyuta atasokonezedwa. Amene adataya yake m'masiku amenewo adangokhala manja ali m'khosi. Kumbali ina, mukatsalira sitima muli nayo m'thumba, mavuto anu achepa ndi theka: mukhoza kugona kuhotela, kugula tikiti, n'kukaipeza sitima padoko lotsatira kapena kubwerera kwanu.

Njira yachiwiri: khadi ya sitima ndi chiphaso china cha chithunzi

Pokwera, aliyense amalandira khadi ya sitima. Ndiyo kiyi wa chipinda, ndiyo yogulira zinthu m'sitimamo, ndipo ndiyo imene alonda amaiunika pamakina potuluka ndi polowa kuti adziwe amene ali kumtunda. Imeneyi simungaisiye, kaya mwasankha njira iti. Njira yachiwiriyi ndi yonyamula khadiyo pamodzi ndi chiphaso cha unzika cha NRB, laisensi yoyendetsera galimoto, kapena chiphaso cha dziko limene mukukhala, pasipoti n'kuitsekera m'kabokosi kachitsulo ka m'chipinda kotsegula ndi nambala.

*Mtengo.* Palibe cholipira. Kabokosiko kamakhala m'chipinda kale. Laisensi kapena chiphaso cha unzika chikatayika n'zowawa ndithu, koma ulendo wanu suima, ndipo mukachikonza mukabwerera.

*Kapezekedwe.* Pafupifupi Mmalawi aliyense wamkulu ali ndi chiphaso cha unzika kuchokera pa kalembera wa 2017, kungoti yang'anani ngati chanu sichinathe masiku. Alonda a pachipata cha doko nthawi zambiri amangofuna khadi ya sitima ndi chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, kuti aone kuti dzina ndi nkhope zikugwirizana. Pobwereka galimoto ku Walvis Bay kuti mukafike ku Swakopmund, laisensi ndiyo ifunika poyamba. Abale a ku Britain akumbukire kuti makhadi a BRP, osonyeza chilolezo chokhalira m'dzikomo, adatha ntchito pa 31 Disembala 2024 ndipo tsopano chilolezo chili pa intaneti monga eVisa, cholumikizidwa ndi pasipoti. Khadi yakale ija musaidalire ngati chiphaso.

*Kasamalidwe.* N'kosavuta, makhadi apulasitiki saopa madzi. Chofunika n'chakuti pasipoti muiikedi m'kabokosiko, osati pansi pa pilo kapena m'sutikesi, ndipo muuze mnzanu wa m'chipinda kumene ili. Chifukwa chake ndi ichi: m'makampani ambiri, munthu akapanda kubwerera pa nthawi, ogwira ntchito amatsegula kabokosiko, akapeza pasipoti amaisiya kwa ejenti wa sitima wa padoko limenelo kuti mwini wake akaitenge. Akapanda kuipeza msanga, imapita ndi sitima. Dzina ndi nambala ya foni ya ejentiyu zimalembedwa m'kapepala ka ndondomeko ya tsiku. Kanyamuleni, kapena kajambuleni.

*Zoopsa.* Zilipo ziwiri. Choyamba, wapolisi wa ku Maputo kapena ku Naples sakakamizidwa kudziwa chiphaso cha NRB, ndipo sichionetsa kuti munalowa m'dziko mwalamulo. Akhoza kukuchedwetsani, ndipo kuchedwa patsiku la sitima n'koopsa palokha. Chachiwiri, mwambo uja wosiya pasipoti kwa ejenti si lonjezo. Ndi chifundo cha ntchito chimene chimachitika nthawi ikalola. Taganizani mwatsala ku Maputo opanda pasipoti. Durban sikutali kwenikweni: mseu wodutsa pa mlatho wa Maputo-Katembe, umene udatsegulidwa mu 2018, umakafika ku Ponta do Ouro ndi Kosi Bay, ndipo wina wa ku Ressano Garcia umalowera ku Johannesburg. Koma pazipata zonse ziwiri, laisensi siingakuolotseni. Mwayi wake ndi wakuti ku Maputo kuli ofesi ya kazembe wa Malawi. M'madoko ena ambiri mulibe. Ku Ulaya maofesi athu ali m'mizinda ngati London, Brussels ndi Berlin, kutali ndi madoko a nyanja ya Mediterranean.

Njira yachitatu: fotokope ya pasipoti, makamaka yodindidwa

Iyi siima payokha, imayenda ndi njira yachiwiri. Ndi imene ine ndimaikonda, ndipo ndimadabwa kuti ambiri amaiiwala, chonsecho ife Amalawi tinazolowera kudinditsa mafotokope pofunsira ntchito.

*Mtengo.* Ndalama ya fotokope yamitundu basi. Ku South Africa kudinditsa kupolisi n'kwaulere, bola mupite ndi pasipoti yeniyeni kuti aiyerekeze. Mukafuna chidindo cha loya, chimenecho n'cholipira.

*Kapezekedwe.* Ntchitoyi ichitikiretu musananyamuke. M'sitima mwina angakuchitireni fotokope pa ofesi yothandiza alendo, koma kudinda ayi. Jambulani tsamba la chithunzi, tsamba la pemiti kapena viza, ndipo pangani makope atatu: ina m'thumba, ina m'sutikesi, ina isiyeni kwa wachibale kunyumba.

*Kasamalidwe.* Pepala limang'ambika ndipo inki imasungunuka, choncho liikeni m'kapulasitiki kotseka. Chidindo chikhale cha posachedwa, osati cha chaka chatha. Kuseri kwake lembanipo ndi cholembera nambala ya ejenti wa padoko, ya inshuwalansi yanu ya ulendo ndi ya wachibale. Foni ikafa, pepalalo ndilo lidzakuyankhulireni.

*Zoopsa.* Fotokope siolotsa malire, sikweza ndege, ndipo banki ikhoza kuikana. Chidindo cha polisi ya South Africa sichimanga wapolisi wa dziko lina, ngakhale kuti pepala lodindidwa pamodzi ndi khadi ya sitima zimapereka chithunzi chomveka cha amene inu muli ndi chifukwa chimene mulili mumzindamo. Likagwera m'manja oipa, lili ndi dzina lanu, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti, zinthu zimene akathyali amazifuna. Ubwino wake waukulu umaoneka tsoka likagwa: kupolisi ndi ku ofesi ya kazembe, funso loyamba limakhala nambala ya pasipoti ndi tsiku limene inaperekedwa, ndipo ndi ochepa amene amaziloweza pamtima.

Njira yachinayi: chithunzi cha m'foni

*Mtengo.* Palibe, kupatula intaneti ngati mwachisunga pa imelo pokha. Intaneti ya m'sitima ndi ya m'dziko la eni imadula.

*Kapezekedwe.* Aliyense angathe, ngakhale muli kale pamakwerero. Sungani chithunzicho m'foni mwenimweni kuti chitseguke popanda netiweki, china mudzitumizire pa imelo.

*Kasamalidwe.* Batire ikhale yodzaza, foni ikhale yotseka ndi nambala.

*Zoopsa.* Foni ndiyo chinthu choyamba kubedwa ndi choyamba kugwera m'madzi. Komanso kupereka foni yotsegula m'manja mwa munthu wosamudziwa kuti aone chithunzi si nzeru. Ichi ndi chothandizira chabe. Amene watsika ndi khadi ya sitima ndi foni yokha wadzichepetsera kwambiri.

Pamene a m'sitima asunga okha mapasipoti

Pa maulendo ena, makamaka odutsa mayiko angapo motsatizana, ogwira ntchito amatolera mapasipoti tsiku lokwera kuti a imigireshoni awadinde onse pamodzi sitima ikafika, alendo osaima pamzere. Amakupatsani kalisiti. Zimachitika kawirikawiri kwa onyamula mapasipoti ofuna viza, choncho musadabwe mukaona yanu yatengedwa pamene ya mnzanu wa dziko lina yatsala. Simulipira kanthu, palibe chosamala koposa kalisitiko, ndipo mukatsalira pasipoti ili kale m'manja mwa anthu okhoza kuipereka kwa ejenti. Vuto lake n'lakuti mukaifuna kumtunda muyenera kukaipempha ku ofesi yothandiza alendo dzulo lake, osati m'mawa pamene aliyense akuthamangira kutsika. N'chifukwa chake fotokope ija iyenera kupangidwa kunyumba, pakuti ikatoleredwa simudzakhalanso ndi chojambula.

Pali kanthu kena kamene sikakhudza ziphaso mwachindunji koma ndiko kamatsaliritsa anthu: nthawi. South Africa, Mozambique ndi Namibia zili pa nthawi yofanana ndi Malawi, koma Mauritius ndi Réunion zili patsogolo ndi maola awiri. Foni imadzisinthira yokha malinga ndi netiweki imene yagwira, pamene sitima ili ndi nthawi yake imene kaputeni walengeza. Tcherani wotchi yapamkono pa nthawi ya sitima musanatsike.

Njira iti pa tsiku liti

Tsiku la pamchenga ku Portuguese Island kapena ku Pomene, pasipoti itsale m'kabokosi. Kumeneko sitima imaima panyanja, inu mumatengedwa ndi maboti ang'onoang'ono, ndipo kunyowa n'kosapeweka. Tsiku lonse muli pamalo amene a sitima omwewo akuyang'anira. Khadi ya sitima, chiphaso cha pulasitiki ndi fotokope m'kapulasitiki n'zokwanira.

Pa ulendo wakumtunda umene mwagula kwa kampani ya sitima, kaya ku Port Louis ku Mauritius kaya ku Walvis Bay, njira yachiwiri ndi yachitatu pamodzi ndizo zabwino, pokhapokha atalemba pa tikiti kuti mutenge pasipoti. Basi yawo ikachedwa, sitima imadikira kapena kampani imakusamalani.

Mumzinda wa Maputo mukuyenda nokha, kuchoka padoko kukaona siteshoni yakale ya sitima zapamtunda ya CFM, Mercado Central kapena msika wa zosemasema wa FEIMA, funsani kaye ku ofesi yothandiza alendo chimene akulangiza tsiku limenelo. Ngati pasipoti ili m'manja mwanu, ine ndinganyamule, mkati mwa malaya, fotokope ili m'thumba lina kuti ndiyambe kuonetsa imeneyo. Ngati a m'sitima aisunga, fotokope yodindidwa, kalisiti ndi khadi ya sitima ziyendere limodzi.

Mukapita kutali nokha, monga ku Rome kuchokera ku Civitavecchia kapena ku Florence kuchokera ku Livorno, nyamulani pasipoti yeniyeni, makamaka ngati doko lotsatira lili m'dziko lina. Lamulo la Italy likufuna kuti muonetse chiphaso mukafunsidwa, ndipo mwayi wotsalira ndi waukulu moti kuopa akuba kumachepa poyerekeza. Chimodzimodzi ngati mudzagona kumtunda usiku, kubwereka galimoto, kapena kuoloka malire tsiku lomwelo.

Mukangoyenda pafupi ndi doko, ola limodzi kapena awiri, m'dziko losalamula pasipoti, isiyeni. Palibe chifukwa choikira pemiti yanu pachiswe pofuna kukagula chipewa.

Banja lokhala ndi ana lisagawanike: mapasipoti onse atsale pamodzi kapena apite pamodzi, ndipo ngati apita, bambo anyamule ena, mayi ena, kuti chikwama chimodzi chikabedwa onse asatsale manja lende. Kholo limene latsika ndi mwana lokha litengenso fotokope ya setifiketi ya kubadwa ya mwanayo. Munthu wodwala shuga, mtima kapena nthenda ina yokhoza kumugonetsa m'chipatala mwadzidzidzi, ndikumulangiza kutsika ndi pasipoti, pepala la inshuwalansi ndi mankhwala a masiku awiri kapena atatu m'doko lililonse la mumzinda, chifukwa akagonekedwa sitima inyamuka, ndipo kubwerera kwawo kudzakhala kwa pandege.